Manja a ku chigafa

M'matauni mwathu muno mwafika kachitsulo kena kamene anyamata akukakonda kwabasi. Kali ndi zigwiriro ziwiri ndi sipuling'i pakati, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: kukafinya mpaka zigwirirozo zitagundana, kukasiya, n'kukafinyanso. Mukaona mnyamata m'minibasi nkhope ili ngati akumeza kwinini, dzanja lili m'thumba la jekete, musaganize kuti wagwira mpeni. Akulimbitsa dzanja ameneyo. Ku America masewerawa ali ndi akatswiri ake. Kampani ya IronMind imapanga tizitsulo totchedwa Captains of Crush, ndipo ka nambala 3 kamafuna mphamvu yokwana makilogalamu pafupifupi 127 kuti katsekeke. Woyamba kulembedwa m'kaundula kuti wakatseka adali Richard Sorin, m'chaka cha 1991. Makilogalamu 127, abale inu, ndiye kuti belo la fodya lathunthu ndi kanthu pamwamba, m'chikhatho chimodzi.

Kanga ndidakagula pa kaunjika pa boma la Kasungu, kofewa ndithu poyerekeza ndi ka a Sorin. Chondigulitsa chidalipo. Ndidawerenga za kafukufuku wotchedwa PURE, amene zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2015. Adayeza manja a anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa, napeza kuti mphamvu ya dzanja ikatsika ndi makilogalamu 5, ngozi yomwalira msanga imakwera ndi 16 pa 100. Sikuti kachitsuloko kamathamangitsa imfa ayi, dzanja limangoulula m'mene thupi lonse lilili. Komabe munthu ngati ine, wodyera bolopeni ndi kompyuta, amene moni wake akuluakulu akumudzi amati uli ngati wagwira therere, nkhani yotere imamlowa.

Ululu udafika monga umafikira kwa aliyense woyamba. Tsiku loyamba, zii. M'mawa mwake mkono wonse kuyambira pachigongono udali ngati wasinjidwa ndi munsi. Kumanga batani la malaya idali ntchito, kutema nsima chimodzimodzi. Chidandidabwitsa n'chakuti zala zenizenizo sizinkapweteka kwenikweni. Ululu udali kumtunda.

Mnzanga wina wa ku sekondale, amene lero amaona odwala pachipatala china, ndiye adandimasulira. Adati minofu yaikulu yopinda zala siili m'zala ayi, ili mumkono, ndipo imakoka zalazo ndi zingwe monga m'mene chigwiriro cha buleki ya njinga chimakokera waya. Zingwe 9 mwa izo zimadutsa pakampata kopapatiza, paja timavalapo wotchi, mothithikana ndi mtsempha umene umapatsa kumva chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati. Apa Chichewa chathu chimatichimwira pang'ono, pakuti njira ya magazi timati mtsempha, chingwe chokoka chala timati mtsempha, wonyamula kumva timatinso mtsempha. Wodwala akangoti "mitsempha ikundipweteka", dokotala amayamba kulosera ngati sing'anga.

Adandiuzanso kuti ululu uli pawiri. Wa mnofu umabwera tsiku lotsatira, umakula pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo sabata isanathe wapita. Umenewo ngwabwino, chifukwa mnofu ukamadzikonza ndi pamene umanenepa, malinga munthu wagona mokwanira, wadya, ndipo waupumitsa. Wa zingwe ndi wina. Umabaya malo amodzi, pachigongono kapena patsinde pa chala, ndipo suchedwa kubwerera, popeza zingwezo magazi amafikako ochepa. Kuchira kwake n'kwa masabata, mwinanso miyezi. Dzanzi lodzutsa munthu usiku adati limenelo usaseke nalo, ndi chizindikiro chakuti mtsempha wa kumva uja wapanikizika pakampata paja.

Mankhwala amene adandilembera adali aulere. Kufinya kawiri kapena katatu pa sabata, tsiku lopuma pakati. Kuthowa mkono ndi madzi ofunda madzulo. Kukulunga zala ndi kamphira ka chubu n'kumazitambasula, kuti minofu yotsegula dzanja isasiyidwe m'mbuyo ndi yotseka. Thuza likatuluka osaliphulitsa. Patatha masiku khumi ndidali bwinobwino, ndipo patatha miyezi iwiri kachitsulo kaja ndinkakatseka kakhumi osapumira.

Ndi kunyada kumeneko ndidakatenga popita kwathu cha ku Santhe m'mwezi wa February, fodya ali pakati pothyoledwa. Ndikuti kwathu, koma kwathu kwenikweni ndi ku Mulanje. Agogo adakwera lole cha m'ma 1980 kudzagwira utenanti pa esiteti ina, masiku amene lamulo silinkalola mlimi wamba kulima yekha fodya wa bale. Chiletsocho chidayamba kumasuka mu 1990, koma ife tidali titazika kale mizu m'chigwa chino, ndipo fizi yanga yonse mpaka dipuloma idachokera m'chigafa.

Amalume adakalandira kachitsuloko, nakatembenuza uku ndi uku, n'kuyamba kukafinya uku akundifunsa za mtengo wa feteleza ku Lilongwe. Ndidawerenga mpaka 30, kenaka ndidasiya. Iwo adakabweza.

"Ndiye mphwanga, chikatsekeka chonchi chimatuluka chiyani?"

"Sichituluka kanthu, malume. N'cholimbitsira dzanja."

"Wachita kugula?"

Chigafa chonse chidafa nacho chikhakhali. Sindidawauze kuti m'nyumba zonyamuliramo zitsulo kunja kuno muli masewera otchedwa farmer's walk, ndiye kuti kayendedwe ka mlimi, pamene munthu amalipira ndalama kuti anyamule zolemera ziwiri, kuno ndi kuno, n'kuyenda nazo mamitala ochepa. Amalume amachita zimenezo kuyambira September, ndi makeni awiri, kuchokera padambo kupita ku nazale, m'mawa ndi madzulo, mpaka mvula itagwa. Ikagwa ndiye kuwokera, kupalira, kubandira, mpini wa khasu uli m'manja tsiku lonse. Kenaka kuthyola, kuyambira masamba apansi. Kenaka kusoka, tsamba lililonse liboledwe patsinde ndi singano yawaya, liloŵe m'chingwe, likapachikidwe pa mikangala. Akauma, kusankha, kumanga ndindi, kudinda mabelo ndi jeke. Msika ukamatsekedwa, nazale ina ili pakhomo. Ndidafunafuna m'kalendala imeneyi tsiku lopuma pakati lija adanena mnzanga, sindidalipeze.

Amene adandithetsa mawu ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga. Iwo ndiwo katswiri wosoka pabanja pathu, ndipo asoka zaka zoposa 30. Nditawapatsa kachitsuloko adakana kukagwira, m'malo mwake adandionetsa dzanja lamanja. Adafumbata, n'kutambasula. Zala zinayi zidawongoka, chimodzi, choyandikana ndi chaching'ono chija, chidatsala chopindika ngati mbedza. Adachigwira ndi dzanja linalo n'kuchikoka, ndipo chidawongoka ndi kaphokoso, thi!

"Chimatere m'mawa uliwonse, mwanawe. Dzuwa likakwera chimamvera."

Usiku ndidawamva akudzuka kawiri, akukutumula manja ngati munthu wosamba wopanda chopukutira. Dzanzi. Pamkono pali mizere ya mphini zimene adatemedwa chaka china, ndipo m'kachikwama kawo simusowa indosidi wa pagolosale, amene amamwa ndi tiyi wopanda chotafunira. Mankhwala amenewo ululu amauphadi, koma kuwamwa chaka ndi chaka m'mimba mopanda kanthu ndiko kuitana zilonda zam'mimba. Zonse zimene mnzanga adandichenjeza kuti ukaziona usiye msanga, zidali pa dzanja limodzi limeneli, ndipo mwini wake ankazitenga ngati imvi.

Pali chinanso chimene kachitsulo kanga kalibe. Tsamba laliwisi limasiya phula lakuda m'manja, losachoka msanga ngakhale ndi sopo, ndipo likakhala lonyowa ndi mame chikonga chimalowa pakhungu, makamaka pamene pali matuza ndi ming'alu. Chizungulire, mutu ndi mseru zimene othyola amati ndi malungo, nthawi zina ndi fodya yemweyo, kwa munthu amene sadasutepo. Bungwe la Plan lidatulutsa lipoti mu 2009, litacheza ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, lonena kuti pa tsiku lachinyezi mwana angathe kumwa pakhungu chikonga chofika mamiligalamu 54, chofanana ndi ndudu 50. Ine ndidathyolapo fodya ndili sitandade 4, ndipo kusanza kwa madzulo kuja ndikukukumbukira.

Inde, zinthu zina zasintha. Mu 2019 dziko la America lidaimitsa fodya wa kuno pa madoko ake chifukwa cha nkhani ya ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti m'lamulo la ntchito. Ndi zabwino zimenezo, ndipo amene adamenyera nkhondoyo ndimawavulira chipewa. Koma tsamba lakupsa silidziwa lamulo. Likapsa lero, mawa lapserera, ndipo pabanja losatha kulemba aganyu, dzanja lodwala ndi lomwelo losoka. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ku chigafa mwambiwu umamveka mwina, chifukwa fodya amadutsa pa zala za anthuwa chaka chonse, ndipo chotsalira pa zalazo ndi ululu. Ine ndidachira m'masiku khumi osati chifukwa cha madzi ofunda, koma chifukwa nditasiya kufinya palibe amene adagona ndi njala.

Ndidamuimbira mnzanga uja ndili komweko. Adati chala chogwidwa chonchi chimachizika: kuchipumitsa, kuchimangira kathabwa usiku, jakisoni patsinde pake, zikakanika kaopaleshoni kakang'ono kotsegula njira ya chingwe. Za dzanzilo adati asachedwe nazo, chifukwa mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umafota, ndipo ukafota kubwerera kwake n'kovuta. Ndidawafotokozera amayi zonsezi mosabisa. Adamvetsera, singano ikuyendabe.

"Akandimanga kathabwa, awa asoke ndani?"

Ndidakhala pansi ndi kusoka nawo. Ndidakulunga kamphira kanga ka chubu kuchigwiriro cha singano yawo kuti chinenepe, zala zisamafumbate kwambiri, ndipo adati zikusiyanako pang'ono. Ine pofika masana chala chachikulu chidali chitatuluka thuza, ndipo masamba anga angapo adachita kuwasokanso chifukwa ndidawang'amba patsinde. Madzulo tidathowera m'beseni limodzi, madzi ake akuda bii.

Tidagwirizana kuti ndidzawatenga kupita nawo kuchipatala mu June, belo lomaliza likadzakwera galimoto ya ku msika wa Chinkhoma. Adati ngati mitengo idzavute n'kubwezedwa, ndiye July.