Singano Ikamadumpha

Pa Boma la Mulanje m'zaka za m'ma 1970, munthu wokhala ndi gumbagumba ankapatsidwa ulemu woposa wa kalaliki. Ambiri a iwo anali obwerera ku Joni pa Wenela, maulendo aja amene anaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Amalume anga anali mmodzi mwa iwo. Chuma chawo chonse chinali Supersonic ndi mulu wa mbale za simanjemanje, makamaka za Mahotella Queens.

Makinawa anali ndi nthenda imodzi: gule akafika pakolasinga, singano inkadumpha, nyimbo n'kuduka pakati. Mankhwala ake aliyense ankawadziwa. Unkangotenga peni yoboola ija ya nthawi ya Chitaganya n'kuimangirira ndi ulusi kumutu kwa mkono wa singano. Kwacha itabwera mu 1971, tambala inalowa ntchito yomweyo. Imodzi ikalephera, unkasanjikapo yachiwiri.

Singano inkamveradi. Koma pa makina abwino singano imayenera kutsamira mbale ndi kulemera kwa magalamu awiri kapena atatu basi. Ukaisenzetsa katundu imaleka kuwerenga mzere wa nyimbo, imayamba kulima. Pakapita miyezi mizere ija inkatuwa, ndipo kumbuyo kwa mawu a oimba kunkamveka mvula ya pamalata. Kwa amalume imeneyi sinali nkhani yamasewera, pakuti njira ya ku Joni inali itatsekeka; mbale ikafa, yafa.

Anawathandiza ndi mnzawo wina, makaniko wa kufakitale ya tiyi. Iye anati singano ilibe mlandu. Ntchito yake ndi kumva kunjenjemera, ndipo siisiyanitsa kunjenjemera kwa nyimbo ndi kwa tebulo. Sipika ikagunda, tebulo limanjenjemera, singano imatola zomwezo n'kuzibwezera kusipika, phokoso n'kumazungulira mpaka makina kuyamba kubuula. Tsono wochiza azichiza tebulo, monga momwe makina a kufakitale amawakhazikira pa simenti yochindikala ndi pa labala.

Ndinaona ndi maso anga zimene anachita. Anakhoma kabokosi ka zidutswa za mkungudza n'kukadzaza mchenga wouma. Pansi pake anayalapo chubu cha njinga chopopedwa pang'ono chabe. Gumbagumba anaikhazika pamwamba pa thabwa logona pamchengapo, sipika n'kuisamutsira pakona, peni ija n'kuidula ulusi. Chinthu cholemera chokhala pa chofewa sichitengeka msanga: chubu chimameza kugunda kwa mapazi, mchenga n'kuzimitsa zotsalazo. Ndinadabwa kumva gitala wa besi akuyenda yekha bwinobwino m'nyimbo imene ndinkayesa kuti ndimaidziwa.

Masiku ano okonda mbale ku London kapena ku Tokyo amagula timiyendo ta labala ndi zitsulo zopsinjira mbale pa mtengo wokwera. Nzeru yake ndi yomweyo ya mchenga ndi chubu.

Chimene chimandivutitsa maganizo, anzanga, n'chakuti ambirife tikadali anthu a peni. Mwana akamajomba kusukulu timawonjezera chikwapu. Wantchito akadandaula timawonjezera malamulo. Amakhaladi chete, ife n'kumati zatheka, osadziwa kuti mzere ukulimika. Kufunsa chimene chikugwedeza tebulo kumafuna nthawi, komanso kumafuna kuti amene akuvinawo ayambe aima kaye. Apa ndi pamene pamavuta.