Khutu la Makaniko wa pa Pulazi

Pali nzeru zina zimene sizinalembedwe m'buku lililonse, ndipo eni ake akabalalika, nazonso zimabalalika. Imodzi mwa izo ndi yomva kulira kwa pampu ya oyilo ya thirakitala, ija imanyamula pulawo. M'mapulazi a azungu a ku Mashonaland, monga ku Mvurwi, Banket ndi Trelawney, nzeru imeneyi inkaphunzitsidwa kawirikawiri m'Chichewa, pakuti antchito ambiri anali ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia. Ena anabwera ndi Mthandizi, ena anayenda okha pansi n'kuwoloka Zambezi. Bambo anga anali mwana wa mtchona wotere, ndipo anakalamba akukonza mathirakitala pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi.

Pampu ya Massey Ferguson 135 ili ndi mapisitoni anayi, ndipo imakhala yomira m'oyilo wa giyabokosi. Ya John Deere ya masiku amenewo inali ndi asanu ndi atatu, ndipo inkamangidwa kutsogolo kwa injini. Zonse ziwiri zili ndi chinsinsi chimodzi: mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma lake ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Choncho chimene chimapha pampu kawirikawiri si kulemera kwa pulawo ayi, koma fumbi, madzi ndi mpweya.

Pa chifukwa chimenechi bambo sankalola kuti pampu yatsopano ilizidwe ili youma. Ankayamba aithira oyilo, kenako n'kuliza injini motsitsa, akukweza ndi kutsitsa mikono yopanda katundu mpaka mpweya wonse utatuluka. M'mawa wa mwezi wa July, oyilo atalimba ngati uchi, ankaletsa madalaivala kuthamangira kumunda. Foromani akamalalata, iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigubu cha oyilo chinali ndi chivindikiro chake, ndipo fanulo ankaipukuta ngati mbale yodyera mlendo.

Matenda ankawadziwa ndi khutu ndiponso maso. Pampu ikamalira ngati ikutafuna miyala, ndiye kuti ili ndi njala: sefa yatsekeka kapena oyilo wachepa. Thovu limatanthauza kuti mpweya ukulowa penapake, ndipo oyilo woyera ngati mkaka ndi umboni wa madzi. Pulawo ikamatsika pang'ono n'kudzukanso yokha, ankatsegula chitseko cha m'mbali mwa giyabokosi, n'kusuzumira kuti aone pamene oyilo akuthawira. "Mwanawe, uziyang'ana ndi maso, dzanja lisalowemo," ankandichenjeza motero, chifukwa oyilo wopanikizika amaboola khungu ngati singano.

Ngakhale zinali choncho, bambo analibe satifiketi, ndipo m'buku la malipiro analembedwa ngati wantchito wamba. Mu 2000 mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugawidwa. Palibe angakane kuti kagawidwe kakale ka malo, kokhazikitsidwa ndi lamulo la 1930, kanali kopanda chilungamo. Koma anthu a m'makomboni ambiri sanapatsidwe minda, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo anthu obadwira m'dzikomo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anawabwezera unzikawo, koma nthawiyo n'kuti ambiri atamwazika kale.

Alimi atsopano ankabwera kudzawatenga bambo pa njinga. Ankapeza mapampu atafa chifukwa cha oyilo wothiridwa ndi chitini cha mchenga. Sunali ulesi ayi: munda ungagawidwe ndi chingwe tsiku limodzi, koma khutu limakula zaka zambiri. Malipiro awo nthawi zina anali ndowa ya chimanga, komabe anaphunzitsa anyamata angapo, akusakaniza Chishona ndi Chichewa.

Ife ophunzira tikamalemba za Amalawi a ku Zimbabwe timathamangira gule wamkulu ndi nkhani ya unzika, ndipo n'zoyeneradi. Koma anthu amenewa analinso amisiri, amene anapatsa makina njala, ludzu ndi matenda m'chinenero chawo. Okalamba otere akadalipo ku Mvurwi, ku Karoi ndi ku Chinhoyi, koma akutha mmodzimmodzi. Wofufuza amene akufuna mawu awo apite msanga, ndipo asakawafunsire m'nyumba. Akakhale nawo pansi pa thirakitala, injini ikulira.