Nsalu za Eni mu Kacipinda ka Lendi

Ife amene timasokela pa nyumba mu Kanyama, Matero, Chawama kapena Mtendere, ambili tilibe shopu. Tili na cipinda cimodzi ca lendi, mwina mamita 3 uku na 3 uku, ndipo mwamenemo ndiye mogona, modyela, molandilila alendo na mosokela. Bedi itenga mbali yake, makina akhala pa windo cifukwa ca kuwala, zigubu za madzi zili kuseli kwa citseko. Citenge ca mamita 6 cikabwela, kutalika kwake ni kawili cipinda cathu conse. Timacidulila pa bedi kapena pa mphasa, titagwada.

Tikatsegula TikTok kapena Pinterest timaona zipinda zosokela za ku Ulaya na ku America: mashelufu oyela, nsalu zoikidwa motsatila mtundu, kuyambila zofiila mpaka zabuluu. N'zokongola, ndipo timazisilila. Koma anthu aja nsalu anagula okha, ni zawo. Kwa ise, zambili zimene zili mu cipinda ni za eni. Zabwela mu pulasitiki yakuda, m'manja mwa munthu amene wasunga ndalama miyezi ingapo, kapena wapatsidwa na apongozi, kapena wagula pamodzi na anzake a komiti ya kitchen party. N'cifukwa cake tikamakonza malo athu, funso loyamba limakhala lakuti: nsalu iyi ni ya ndani?

Amene anagulapo citenge ku Kamwala adziwa kuti maluwa amene waona lelo, pakapita miyezi iwili ungazungulile mashopu onse osawapeza. Zitenge zambili pa msika lomba zicokela kunja. Fakitale ya Mulungushi ku Kabwe itaima mu 2007, tinatsala tiyembekezela zimene amalonda abweletsa, ndipo katundu akasila, ubwela wina wa maonekedwe ena. Conco theka la mita likasowa pa nsalu ya komiti, ndalama siingakonze mlandu. Mayi mmodzi adzalowa mu holo atavala zosiyana na anzake khumi, kapena sadzapita n'komwe. Ndipo mu komboni nkhani imathamanga kuposa minibasi. Tela amene wataya nsalu ya cilanga mulilo amadziwika pa mpopi dzuwa lisanalowe.

Ndiye mu kacipinda kathu muli malo atatu amene sasakanizidwa. Oyamba ni a makasitoma. Nsalu iliyonse ikangofika timaipima mwini wake aona, timalemba mamita mu buku, pamodzi na miyezo ya thupi, sitayelo, ndalama imene walipila na tsiku lotenga. Timadula kacidutswa kocepa ngati cala n'kukamata pa tsamba lomwelo. Kenako nsalu, zipi, laining'i na mabatani ake zilowa mu pulasitiki imodzi yoonekela mkati, dzina lili pamwamba. Mapulasitiki amenewo timawapacika pa waya kapena pa misomali m'mwamba mwa cipupa, motsatila tsiku lotenga: ya pa Cisanu kutsogolo, ya kumapeto kwa mwezi kumbuyo. Pansi pa cipinda n'pocepa, koma zipupa zinayi timalipilila lendi yomweyo, ndiye zisewenze.

Malo aciwili ni a nsalu zathu zogula tekha: laining'i, zoyela za mayunifomu a sukulu, zitenge ziwili zitatu zosokela zogulitsa. Izi timazikulunga pa tumakatoni todula mofanana, n'kuziimika mu sutikesi ngati mabuku. Zikakhala zosanjikizana, kuti ucotse ya pansi ufunika kugwetsa mulu wonse, ndipo ukatopa uleka kufunafuna n'kupita kukagula imene uli nayo kale. Zoimika uziona zonse ukangotsegula. Sutikesi ikhala pansi pa bedi koma pa njelwa kapena pa matabwa, cifukwa kuyambila Novembala mpaka Epulo simenti imakoka cinyontho, ndipo ku Kanyama madzi amalowa na pa citseko. Nsalu ya thonje ikagwila cuku, madontho akuda aja sacoka olo uwashe kangati.

Adani ena a nsalu tikhala nawo mu nyumba imodzi. Dzuwa la pa windo limene litithandiza kulowetsa kotoni mu nyeleti ndiye limafufutsa mtundu pa mzele wopindila. Utsi wa mbaula na fungo la kapenta zimalowa mu citenge n'kukhalamo, ndiye kuphika kumacitikila panja, kapena nsalu zikhale zotsekeledwa. Makoswe amakonda tuzidutswa popanga zisa. Pa izi ndowa ya penti ya malita 20 yokhala na civinikilo imatithandiza maningi: khoswe salowa, madzi odontha ku malata salowa, ndipo kasitoma akabwela ndiye mpando wake.

Tunthu tung'ono natonso tuli na pake. Mabobini na kotoni mu cikopo ca bisiketi, mabatani mu mabotolo a peanut butter, mazipi pa pini yaikulu motsatila kutalika. Maginito ya sipika yakufa imatola mapini onse amene agwa, ndipo mu cipinda mmene mwana amakwawa pamene tidulila, kuyendetsa maginito pansi madzulo alionse ni lamulo. Sizasi ya nsalu ipacikidwa pamwamba pamene a m'nyumba sangaitenge kudulila mapepala kapena nkhuku. Tocepa twa sopo totsala posamba tulemba pa nsalu yakuda bwino ngati coko. Ndipo kucokela pa load shedding ya 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuyenda pafupifupi tsiku lonse, makina opalasa na mwendo, Singer kapena Butterfly ya ambuya, anabwelela pa windo. Aja a malaiti ayembekezela mu bokosi yake.

Malo acitatu ndiye ovuta: zotsala. Diresi likasokedwa pamatsala nsalu, ndipo pano m'pamene atela na makasitoma amakanganilana kuyambila kale. Ena amati zonse zogwa pa sizasi ni za tela. Ise tiona kuti munthu analipila mamita 6, ndipo mamita 6 onse ni ake. Cidutswa cimene cingakwane duku, kapena kasiketi ka mwana, cibwelela mu pulasitiki ya mwini wake cili copinda. Tung'onotung'ono timapempha: "Amayi, utu mutenga kapena tusale?" Ambili amaseka n'kukamba kuti tusale. Koma kufunsako kuli na nchito. Pali zitenge zimene mwini wake safuna kuziona pa cikwama ca munthu wina mu chechi: ca ukwati wake, ca pa malilo a amayi ake. Palinso za mipingo na za zipani, zokhala na nkhope na zizindikilo, zimene sitiziika mu cinthu cogulitsa, cifukwa sudziwa cidzagona pa bedi ya ndani.

Zimene tapatsidwa na mtima umodzi ndiye cuma cathu, malinga tisaziunjike mu saka ya unga n'kuziiwala. Saka yodzala tuzidutswa tosadula ni zinyalala cabe zodya malo. Ndiye pa Ciwelu madzulo, tisanasese, timadula zotsala za mlungu wonse kukhala tumabokosi tofanana twa masentimita 12, pogwilitsila nchito katoni imodzi ngati cipimo. Msoko ukadya sentimita imodzi mbali iliyonse, kabokosi kamatsala 10. Bulangeti ya zigamba ya mita imodzi na theka mulifupi na mamita 2 mulitali ifuna mizele 20 ya tumabokosi 15, kutanthauza 300. Tumabokosi 300 totambasulidwa na nsimbi tukwana mu makatoni a nsapato ocepa cabe, pamene tosadula tungadzaze saka. Tolepela kukwana 12 timatudula m'mizele ya zomangila tsitsi na zogwilila mapoto, ndipo nyenyeswa zothela zilowa mu pilo.

Posankha timapatula thonje na polyester, cifukwa zitenge zochipa zambili masiku ano ni polyester, ndipo ziwilizi sizikhwinyata mofanana zikawashidwa. Ngati diso lakaika, macisi amaweluza: kacidutswa ka thonje kamapsa n'kusiya phulusa lofewa, ka polyester kamasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Za thonje timaziviika coyamba kuti zotulutsa mtundu zitulutsiletu. Mkati mwa bulangeti timaika bulangeti yakale yopyapyala ya mu salaula, kumbuyo shiti. Ikasokedwa mu Meyi, mphepo ya Juni na Julayi imaipezela wogula.

Nchito ya zigamba ena amaiona ngati ya umphawi. Azimayi a ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama, anali kusoka mabulangeti awo na mabuluku akutha a kumunda kuti ana asazizidwe, ndipo mu 2002 mabulangeti amenewo anapacikidwa mu nyumba zikuluzikulu zoonetsela zaluso ku Houston na ku New York. Athu mwina sadzafika kumeneko, koma amalipila lendi ya mwezi umene maukwati acepa.

Tonse tilota shopu ya magalasi ku tauni, na tebulo yodulilapo toimilila. Koma amene adzatifikitsa kumeneko ni makasitoma omwewa amene lelo akhala pa ndowa ya penti. Mayi akabwela kudzatenga diresi yake, tifuna tikatambasula dzanja kamodzi tigwile pulasitiki ya dzina lake, diresi ili mkati, duku yotsala ili pamwamba, buku ionetsa mamita amene anabweletsa. Mwezi wamawa amabwela na mng'ono wake, na citenge cina.