Ku Riga kuli ana obadwira pakhomo koma otchedwa alendo

Amangwetu, mukamva za msika wa ku Ulaya musamaganize magolosale a magalasi okhaokha. Ku Riga, likulu la dziko la Latvia, kuli msika weniweni, wa mabenchi, masikelo ndi fungo la nsomba zowamba. Unatsegulidwa m'chaka cha 1930 pafupi ndi mtsinje wa Daugava, moyandikana ndi depoti ya mabasi ndi siteshoni ya sitima. Mashedi ake akuluakulu asanu anamangidwa ndi zitsulo za nyumba zimene asilikali a Germany ankasungiramo zindege za Zeppelin pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nyama ili ndi shedi yake, nsomba yake, zamkaka yake, ndiwo zamasamba yakenso.

Ine ndinapitako kukagula buledi wakuda ndi uchi, koma chimene chinandiimitsa ndi pakamwa pa ogulitsa. Mtsikana wa pabenchi ya nsomba amalonjera kasitomala uyu kuti "Labdien" m'Chilativiya, wotsatira n'kumulandira m'Chirasha, chenji ali kuwerenga osaphonya. Inu a malonda mukudziwa kale, kasitomala ndiye amasankha chilankhulo. Koma kunja kwa msika nkhani ya chilankhuloyi ndi chilonda.

Chiyambi chake n'chotere. M'chaka cha 1940 dziko la Soviet Union linameza Latvia. Anthu ambirimbiri a m'dzikomo anakwezedwa m'mabogi kupita ku Siberia, ndipo mu Malichi 1949 mokha anatengedwa oposa 40,000. Kenaka boma la ku Moscow linamanga mafakitale, n'kubweretsa antchito ndi asilikali kuchokera ku Russia, Ukraine ndi Belarus. Pofika 1989 eni nthaka anali 52 pa anthu 100 alionse, Arasha 34. Tangoganizani, m'likulu la dziko lanu lomwe, inu n'kukhala ochepa, ndipo kuti mugule tikiti ya sitima muzilankhula chilankhulo cha mlendo.

Ufulu utabwerera mu 1991, Latvia inati nzika ndi okhawo amene anali nzika Soviet Union isanameze dzikolo mu 1940, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo. Otsalawo, oposa 700,000, anapezeka kuti dziko limene linawapatsa ziphaso lafa. Anapatsidwa pasipoti yapadera ya "osakhala nzika". Nayo munthu amakhala m'dziko, amagwira ntchito, amakhoma msonkho, amalandira penshoni, koma savota ngakhale chisankho cha makhansala, ndipo upolisi kapena ntchito zina za boma sangalembedwe. Pachikuto pake pali liwu la Chingerezi loti "alien". Amene muli ndi abale ku Harare kapena ku Bulawayo liwu limeneli mukulidziwa, pakuti ana a machona obadwira konko analinyamula pa zitupa zawo zaka zambiri.

Makolo amene anabwera pa sitima ali ndi kwawo kokumbukira. Nanga mwana wobadwira m'chipatala cha ku Riga? Mayi wina wogulitsa kabichi wowawasa anandiuza kuti bambo ake anabwera kudzagwira ntchito kufakitale, iye n'kubadwira mumzinda momwemo. Ku Russia anapitako kamodzi kukaona azakhali, ndipo kumeneko ankamunena kuti ndi wa ku Latvia. Atabwerera kwawo, kuti akhale nzika anayenera kulemba mayeso a chilankhulo, mbiri ya dziko, malamulo ndi nyimbo ya fuko. Anakhoza, koma akuti mtima unamuwawa kupempha chilolezo cholowa m'nyumba imene anabadwiramo. Moyo wa mleme, mbalame zikuti ndiwe mbewa, mbewa zikuti ndiwe mbalame.

Komatu musafulumire kuweruza. Munthu wa ku Latvia amene agogo ake anafera ku Siberia akuti chilankhulo chake chimalankhulidwa ndi anthu osafika 2 miliyoni padziko lonse, pamene Chirasha chili ndi dziko lalikulu kuseri kwa malire. Akachilekerera pakhomo pake, chikapulumukira kuti? N'chifukwa chake lamulo limati wogulitsa m'sitolo kapena pamsika azitha kutumikira kasitomala m'Chilativiya, ndipo alipo oyendera a boma amene amalipiritsa chindapusa. Pa referendamu ya mu Febuluwale 2012, anthu pafupifupi 75 pa 100 alionse anakana kuti Chirasha chikhale chilankhulo chachiwiri cha boma.

Zitseko zina zinatseguka ndithu. Nils Ušakovs, wobadwira m'Riga kwa makolo a Chirasha, anatenga unzika mu 1999 ndipo anakhala meya wa mzindawu kuyambira 2009 mpaka 2019. Kuyambira Januwale 2020, mwana wobadwa kwa makolo osakhala nzika amakhala nzika pobadwa pomwepo. Pofika 2023 osakhala nzika anali atachepa kufika pansi pa 200,000, ambiri mwa iwo okalamba.

Kenaka inabwera nkhondo. Russia italowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022, mitima inaumanso. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma linagwetsa chipilala chachitali cha asilikali a Soviet, pamene mabanja a Chirasha ankaika maluwa pa 9 Meyi chaka ndi chaka. Kwa ena chinali chikumbutso cha agogo amene anagonjetsa Hitler, kwa ena chizindikiro cha ukapolo. Nyumba ya malamulo inalamulanso kuti pofika 2025 sukulu zonse ziziphunzitsa m'Chilativiya chokha. Ngakhale msewu wa Maskavas, kutanthauza Moscow, umene umayambira kuseri kwa msika, unasinthidwa dzina mu 2024 n'kukhala Latgales.

Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Achinyamata amene ndinacheza nawo m'basi ndi m'nyumba za tiyi sanamuvoterepo Putin, ndipo ena ku Russia sanapondeko n'komwe. Kunyumba amalankhula Chirasha ndi agogo, kuntchito Chilativiya, pafoni Chingerezi. Komabe nkhondo ikatchulidwa, maso onse amatembenukira kwa iwo ngati ayankhe mlandu.

Boma lili ndi ufulu woteteza chilankhulo chake, zimenezo sinditsutsa. Koma mwana amene waphunzira chilankhulocho, wakhoza mayeso, akukhoma msonkho, ndipo manda a amayi ake ali m'dothi lomwelo, adzasiya liti kufunsidwa kuti kwanu n'kuti?