Makina Osema Maina

Kabwe ndi mzinda umene unaleredwa ndi amisiri. Njanji inafika kuno m'chaka cha 1906, malo ano akutchedwabe Broken Hill, ndipo kuyambira pamenepo mgodi wa mtovu pamodzi ndi mashedi a sitima zinaphunzitsa mibadwo ya anthu odziwa kuyeza chitsulo, kuchidula ndi kuchiboola. Ife amene tinakulira kuno tinazolowera kuona abambo athu akuweruka ali ndi pensulo kukhutu ndi rula m'thumba. Mgodi utatsekedwa mu 1994, ambiri anabwerera kumidzi kwao. Otsala lero ndi owerengeka. Manja ayamba kunjenjemera, koma maso akadali kuona pamene thabwa lapindika.

Tsono, owerenga okondedwa, kwabwera mmisiri wa mtundu wina, wopanda maso ndi manja omwe. Achinyamata amamutcha CNC router. Mkamwini wathu, amene ndi mphunzitsi, anaitanitsa kamakina kotere kuchokera ku China, kakabwera kali zidutswazidutswa m'katoni, ndipo anatha madzulo atatu akukalumikiza. Ndi kakang'ono ndithu, moti kamakwana pa tebulo lodyera, ndipo thabwa limene kangaseme nthawi imodzi silipitirira masentimita 30 m'litali ndi 18 m'lifupi.

Kagwiridwe kake ka ntchito sikovuta kumva. Munthu amajambula pa kompyuta chimene akufuna, ndipo kompyuta imasandutsa chithunzicho kukhala mndandanda wa manambala. Timamota titatu timawerenga manambalawo: kena kamayendetsa kampeni kumanja ndi kumanzere, kena kutsogolo ndi kumbuyo, kachitatu m'mwamba ndi pansi. Kampeniko, koonda ngati msomali, kamazungulira kokwana 10,000 pa mphindi imodzi, nkumadya thabwa pang'onopang'ono, milimita imodzi kapena theka lake pa ulendo uliwonse. Nzeru imeneyi si yadzulo ayi. Akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology ku America anaonetsa makina oyamba otere mu 1952, manambala ake ali pa tepi yobooledwa timabowo, ndipo anali makina a mafakitale a ndege. Chatsopano nchakuti tsopano akulowa m'nyumba za aphunzitsi.

Miyezi yoyamba tinaona zinthu zimene aliyense wogula makina otere amayamba nazo: popachika makiyi, nambala ya nyumba, zilembo a, e, i, o, u za mdzukulu wathu wa kumkaka. Anayesanso kusema nsolo, koma maenje ake anadya Loweruka lathunthu, ndipo agogo a pafupi nafe anangoseka kuti iwo amakumba nsolo pansi ndi kamtengo madzi a tiyi asanawire. Kunena zoona, ife tinkaziona ngati zidole za munthu wamkulu.

Ntchito imene timaiona kuti ndi yoyenera makinawa inatulukira kwina. Ife amene timatsogolera mwambo wa maliro timadziwa zimene zimachitika kumanda. Tsiku loika maliro mnyamata amathamanga kukalembetsa dzina ndi penti pa mtanda wa paini, penti isanaume mtanda wazikidwa kale. Dzinja loyamba likatha, zilembo zayamba kufufutika. Lachiwiri, chiswe chalowa. Chiliza nchodula, ndipo mabanja ambiri amadikira zaka kuti achimange. Pofika chaka chimene ndalama zapezeka, mitumbira yonse yafanana, udzu waphimba, ndipo mumapeza ana a mayi mmodzi akutsutsana pamaso pa adzukulu, wina akuloza apa, wina apo. Taonapo amayi akugwada pa mtumbira umene sakutsimikiza kuti ndi wa amuna awo, ndipo palibe mawu amene katekisiti angawauze pamenepo.

Chilembo chosemedwa sichifufutika msanga chotero, pakuti ngakhale penti itachoka, mzera wake umatsala m'thabwa ndipo chala chikhoza kuuwerenga. Posema zilembo pamaikidwa kampeni kosongoka ngati V, kamene kamamira kwambiri pamene chilembo chatakata ndi kukwera pamene chaonda, mwakuti dzina limatuluka ngati lolembedwa ndi tchizulo ya mmisiri wakale. Akatha amathira penti yakuda m'mizeramo, ikauma nkupala pamwamba ndi sandipepala kuti penti itsale m'kati mokha, kenaka vanishi kawiri kapena katatu. Popeza mtanda wonse sungakwane pa kamakinako, amasema kathabwa ka dzina pakokha nkukakhomera pa mtanda. Dzina limodzi ndi masiku awiri, lobadwa ndi lomwalira, zimatenga pafupifupi ola.

Pa nkhani ya mtengo mpamene achinyamata amafunika akuluakulu. Kompyuta siidziwa kusiyanitsa paini ndi mlombwa, umene kuno ambiri amautcha mukwa. Abambo ena okalamba a mu mphakati wathu, amene anagwira ntchito ku mashedi a njanji moyo wao wonse, ndiwo anauza mkamwini wathu kuti mlombwa chiswe chimauopa ndipo supindika wamba, koma mtima wake wofiirawo basi, pakuti mbali yoyera ya kunja imafumbwa ngati mtengo wina uliwonse. Anamuuzanso kuti thabwa laliwisi limang'ambika likauma, ndi kuti asagule matabwa athunthu mlombwa ukutha m'nkhalango chonchi, koma azipempha zidutswa zimene akalipentala amataya akamapanga zitseko. Kathabwa ka dzina nkakang'ono. Zotsalira za chitseko chimodzi zikwanira anthu anayi.

Abambo omwewa ndiwo anathetsa vuto la magetsi. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankasowa maola 17 pa tsiku ngakhale kuposerapo. Akazima ntchito ili m'kati, kamakinaka kamaiwala pamene kanayambira, ndipo kakayambanso kamasema chilembo pamwamba pa chinzake. Iwo anangotenga pensulo nkulemba kamtanda pa ngodya ya thabwa, nakhomera timatabwa tiwiri toimitsira kuti lisasunthe, monga ankachitira pa makina a chitsulo kale. Kuyambira tsikulo kampeni kamabwezedwa pa kamtanda kaja, ntchito nkupitirira. Aphunzitsi anali atafunafuna yankho pa intaneti sabata yonse.

Tichenjezeko pang'ono za utuchi. Umene umatuluka apa ndi wosalala ngati ufa woyera, ndipo wa matabwa opanikiza otchedwa MDF uli ndi guluu amene sayanjana ndi mapapo. Ife a ku Kabwe, amene ana athu ku Kasanda, Chowa ndi Makululu akupuma kale fumbi la mtovu, sitiyenera kuonjezera fumbi lina m'chipinda chogona. Makinawa akhale pakhonde, wosemayo avale chotchinga kumphuno, ana akhale patali.

Koma chimene chimatidetsa nkhawa koposa ndi kumvera kwa makinawa. Safunsa. Wolemba ndi penti akalakwitsa amafufuta ndi kansanza. Apa cholakwa chimasemedwa mwaluso lofanana ndi cholondola, ndipo chidzakhala zaka zomwezo. M'mzinda uno mwasakanikirana Alenje eni dziko, Abemba, Atonga, Alozi ndi ife ochokera kum'mawa, ndipo mnyamata amene wakhala pa kompyuta amalemba dzina monga khutu lake lamvera. Ena amachotsa kampatuko ka pa ng', poganiza kuti nkachitsotso chabe, osadziwa kuti asintha katchulidwe ka dzina la mwini wake. Ena amasinthanitsa tsiku ndi mwezi, potsata kalembedwe ka ku America kamene kompyuta inabwera nako. Nchifukwa chake mkamwini wathu sayatsa makina asanatumize pepala kwa mwini mbumba kuti aliwerenge, alivomereze pamaso pa abale awiri, ndipo ngati chiphaso cha ubatizo kapena chitupa cha malemu chilipo, chibwere.

Mtengo si mwala, ndipo moto wolusa wa mu Okutobala susankha mlombwa kapena paini; kulambula manda kukufunikabe. Komabe kathabwa kotere kangasunge dzina kufikira banja litapeza ya chiliza. Pa banja lathu tawerenga mitumbira isanu ndi iwiri imene ilibe dzina looneka. Timatabwa tisanu tasemedwa kale ndipo tidzakhomedwa pa 2 Novembala, pokawayendera akufa athu. Tiwiri totsala tikudikira azakhali athu a ku Katete, pakuti ndi iwo okha amene atsala mwa anthu amene analipo tsiku loika, ndipo alonjeza kubwera akatha kukolola mtedza.