Mawu Akuti "Ndamva"

Agogo ena a ku Ntcheu adapita kuchipatala atavutika ndi mutu komanso chizungulire. Namwino wachitsikana atawayeza adawauza kuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Adawapatsa mapilitsi a mwezi wathunthu, nalemba m'buku lawo la kuchipatala m'Chingerezi, kenaka adafunsa kuti, "Mwamva, agogo?"

"Ndamva, mwanangu," adayankha motero akuwomba m'manja.

Patatha sabata ziwiri mutu udaleka, iwonso adaleka kumwa mankhwala. Otsalawo adawamanga pansonga ya chitenje, kusungira tsiku lomwe mutu udzayambirenso. Ulendo wachiwiri adapita kuchipatala pangolo, atafa ziwalo mbali imodzi.

Namwinoyo sadaname ndipo agogowo sadachite mwano. Chidawapusitsa onse ndi mneni mmodzi. M'Chichewa munthu amamva phokoso, amamva tanthauzo, amamva ululu, ndiponso mwana waulemu amatchedwa wakumva. Wokalamba akati "ndamva" pamaso pa wovala yunifolomu, kawirikawiri amakhala akupereka ulemu chabe. Kufunsanso kumaoneka ngati kuderera wophunzira.

Mpata uli pakati pa awiriwa udakumbidwa ndi sukulu. Ambiri mwa okalamba a lero adakula maphunziro aulere a pulayimale asanayambe mu 1994. Namwino, kumbali yake, adaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 mpaka kukoleji. Thupi la munthu amalidziwa m'chiyankhulo china, koma ayenera kulifotokoza m'chinanso, odwala ali ndandanda pakhomo.

Choncho sukulu zosula anthu a zaumoyo, monga Kamuzu University of Health Sciences yomwe idayamba mu 2021, zikuyenera kuona kayankhulidwe ngati luso loyesedwa pamayeso, mofanana ndi kubaya jakisoni. Wophunzira azizolowera kusankha mfundo ziwiri kapena zitatu zokha, ndi kuzimangirira pa zinthu zomwe wodwala amazidziwa: kuti nthendayi ili ngati chiswe chodya mzati m'kati pomwe kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo pilitsi n'lam'mawa uliwonse, mutu uwawe usawawe. Koposa zonse aphunzire kusintha funso lomaliza, cholakwa n'kudzisenzetsa yekha: "Agogo, mwina sindinalongosole bwino. Mukafika kunyumba, adzukulu mukawauza kuti chiyani?"

Akale adati safunsa adadya phula. M'chipinda chija yemwe sadafunse moyenera adali namwino, koma phulalo adadya ndi agogo.