Mbalame pa Waya wa Magetsi

Mtima wanga sunakhazikike chimvereni bambo wina m'minibasi madzulo ano, alikunena kuti magetsi a m'nyumba, pokhala a ma volt 230 okha, sangaphe munthu, popeza mbalame zitera pa mawaya a ma volt 11,000 ndi kuulukanso zamoyo. Komatu mbalameyo ipulumuka chifukwa mapazi ake onse awiri ali pa waya mmodzi, magetsi osapeza njira yopyola m'thupi mwake kunka pansi; pamene mayi woima pa simenti yonyowa wopanda nsapato, atagwira chingwe chosupuka cha ketulo, iye mwini ndiye asanduka njirayo, pakuti khungu lonyowa silitchinga monga louma, ndipo zala zake zifumbata chingwecho osatha kuchitaya.

Ma volt angokankha chabe. Chakupha ndicho kuchuluka kwa magetsi opyola pamtima, ndipo gawo limodzi la magawo 10 a ampere likwanira kusokoneza kugunda kwake, chikhalirecho ketulo imakoka ma ampere pafupifupi 9.

Abale anga, zingwe zomangamanga ndi pepala la pulasitiki zija, kodi m'nyumba mwanu zikadalimo?